Kadamsana pa Thanthwe la Chimkwende

Kwa Chimkwende mukafunsa za tsiku limene dzuwa linazima masana, anthu sayamba ndi dzuwalo. Amayamba atsitsa mawu, kenaka n'kutchula Zione, mwana wa malemu Chimpeni, ndi kamera yake.

Zione anali mphunzitsi pasekondale ina ku Zomba. Zojambulazi sanapitire kusukulu, ankangozikonda. Ankajambula mbalame, maluwa a m'mbali mwa msewu ndi maukwati a anzake. Koma atamva kuti kukubwera kadamsana wa dzuwa, ndiponso kuti mthunzi wa mwezi udzadutsa pamwamba penipeni pa mudzi wakwawo, mtima wake sunakhalenso m'malo.

Masana alionse opanda mitambo ankaimika kamera pamiyendo yake itatu kuseri kwa nyumba, n'kuphimba lenzi ndi fyuluta, kapepala konyezimira kotchinga ukali wa dzuwa kuti lisaotche maso kapena m'kati mwa kamera. Anazindikira msanga kuti kamera ukaisiya kuti iziganiza yokha, dzuwa limaizunguza mutu, choncho zonse ankatchera ndi manja. Aiso, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ankaitsitsa pansi penipeni. Kabowo kolowera kuwala ankakasiya pa eyiti. Fokasi ankaipotoza pang'onopang'ono mpaka timadontho takuda ta pankhope ya dzuwa titaoneka bwinobwino, ndipo akapeza malowo ankamata ndi selotepi kuti isasunthenso. Chovuta chinali pakati penipeni pa kadamsanayo. Dzuwa likaphimbika lonse, fyuluta imayenera kuchoka, shata, kachitseko kolowetsa kuwala, n'kumaichedwetsa pang'onopang'ono kuti igwire nkhata yoyera yozungulira mwezi. Ndiye dzuwa lisanasuzumirenso, fyuluta ibwerere pamalo pake, apo ayi kamera ipsa. Zonsezi m'kanthawi koti tiyi sangazizire m'kapu. Dzanja lamanzere linali la fyuluta, lamanja la shata. Anayeserera mpaka ankatha kuzichita atatsinzina.

Anatsika basi madzulo, kadamsana ali mawa lake. Pamphambano anamuchingamira msuweni wake Gostino, yemwe ankachita kabaza wa njinga yamoto.

"Mkazi wanga wafika!" anakuwa Gostino, monga amachitira asuweni. "Chikwama chonsechi, wandibweretsera chiyani? Kapena wabwera kudzakhaliratu, wasowa mwamuna ku Zomba?"

"Ndikakhale ndi iwe, wonunkha petulo? Gwira bwino chikwamacho, muli galasi."

Anaseka njira yonse mpaka pamlatho. Atawoloka, Gostino anachepetsa liwiro, ndipo mawu ake anasintha.

"Msuweni, azakhali sali bwino."

"Akudwala? Pafoni sanandiuze."

"Thupi lilibe kanthu. Koma chimwalirire amalume dzinja lija, akhala akugawa zinthu. Zitenje zawo zabwino anapatsa akazi anga. Khasu anapatsa a kutsidya. Ukawafunsa amangoti, Chimpeni sanazolowere kuyenda yekha. Ndiye mawa ukudziwa kuti ndi tsiku lanji. Usawasiye dzanja."

Zione ankaudziwa mwambowo, ngakhale anali asanauonepo ukuchitika. Kwa Chimkwende amati dzuwa likagwidwa, amoyo amagwirana pamkono. Akuti amene anatsogola amayenda mumdima mokha, ndipo dzuwa amalisowa kwambiri. Kadamsana ndiye tsiku lokhalo limene amatha kutuluka masana n'kuona pamene pali dzuwa. Sabwera ndi choipa. Koma kuwala kukamabwerera amathamangira kwawo, ndipo munthu amene palibe womugwira amatha kupita nawo monga tsamba lipitira ndi madzi.

Zione sankaunyoza mwambowu. M'kalasi ankaphunzitsa kadamsana ndi lalanje ndi tochi, ndipo ankadziwa kuti ndi mwezi umene umadutsa pakati. Komanso ankaona kuti anthu ogwirana pamkono sathawira kuphompho chifukwa cha mantha, ana sasochera, ndipo palibe amene amakhala yekha pamene thambo lasintha nkhope. Ankati mwambo wotere uli ndi nzeru zake, ngakhale chifukwa chimene amapereka chitakhala china.

Mayi ake, aNasibeko, anamulandira pakhonde. Anali ataonda, koma maso awo anali owala modabwitsa, ngati a munthu amene akuyembekeza alendo.

Dzuwa lisanalowe Zione anaimika kamera pabwalo, anapezanso fokasi, n'kumata ndi selotepi yatsopano. Anailowetsa m'chipinda chochezera osaipasula, n'kuiimika pafupi ndi mpando wa bambo ake umene panalibe wokhalapo.

M'mawa anapeza chivindikiro cha lenzi palibe. Anafunafuna pansi pa tebulo, m'chikwama, m'matumba a jekete, osachipeza. Selotepi ija inali itamatulidwa mwaukhondo, osang'ambika, n'kumatidwa padzanja la mpando. Fokasi inali itapotozedwa mpaka kumapeto, kumene kamera imaona zinthu zapafupi zokha.

"Amayi, munagwira kamerayi?"

"Ine ndigwire chimenecho? Ndingachithyole." ANasibeko anayang'ana selotepiyo kwa nthawi, kenaka anamwetulira pang'ono. "Bambo ako analibe manja okhazikika. Wailesi iliyonse yolowa m'nyumba muno ankaipotoza mpaka iyambe kulankhula Chipwitikizi."

Zione anadziuza kuti mwina guluu wa selotepi anafooka ndi chisanu, ndipo mwina iye yemwe anaimata pampandopo ali ndi tulo. Zinali zotheka. Koma anaiyang'ananso kawiri asanaichotse.

Mkangano unabuka pa nkhani ya malo. Mudzi wonse unali utagwirizana zokhala pabwalo la tchalitchi, koma pamenepo mitengo ya mango inkatchinga thambo. Zione ankafuna thanthwe la pamwamba pa phiri, pamene amayi amayanika mphale, poyera mbali zonse.

"Kuthanthwe wekha? Akakugwira ndani?" anafunsa aNasibeko.

"Amayi, sindipita kulikonse. Ndikangojambula."

"Ndiye ndipita nawo. Ndikakugwira ine."

Zione anakumbukira mawu a Gostino ndipo anaona kuti n'kwabwino mayi ake akhale pafupi naye. Koma manja ake onse awiri anali ndi ntchito. Anawafotokozera za fyuluta ndi shata, kuti dzanja limodzi likagwidwa chithunzi chimagwedezeka, ndipo khama lake lonse lipita pachabe. Kenaka anapeza nzeru.

"Timangane chitenje. Mbali ina m'chiuno mwanu, ina m'chiuno mwanga. Mukasuntha ndimva."

"Nsalu si dzanja, mwanawe."

"Imagwira kuposa dzanja. Simunandibereke nayo kumbuyo?"

ANasibeko anaseka, ndipo sanatsutsenso. Anavomera mosavuta kwambiri, moti Zione akanakhala kuti sankaganiza za mabatire akanadabwa.

Ananyamuka dzuwa litakwera. Njira ya kuthanthwe imadutsa m'mbali mwa msitu wa manda. Atafika pamenepo Zione anaona kuti mumthunzi wa mitengo mwaima anthu. Sanali ambiri, apa awiri, apo mmodzi, onse chili, osaponda padzuwa. Panali mayi wina wobereka mwana wosagwedezeka, ndi bambo wa jekete lalikulu losokedwa mwakale. Nkhope zawo sizinkaoneka bwino chifukwa cha mthunziwo. Zione anaganiza kuti ndi a midzi ya kutsidya amene amva kuti kuphiri kuoneka bwino.

"Mwaswera bwanji?" anawapatsa moni.

"Layamba kodi?" anafunsa wa jekete uja. Mawu ake anali ouma, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osalankhula.

"Latsala pang'ono. Koma musaliyang'ane ndi maso okha. Ndili ndi magalasi apadera, ndikubwerekeni?"

"Musavutike, mayi. Ife tidikira."

ANasibeko, munthu woti ankapatsa moni ngakhale mbuzi za eni, anadutsa atazyolika osanena kanthu. Atapitirira ndithu ndi pamene anati, "Yenda, usacheuke."

Pathanthwe panali mphepo pang'ono, thambo lili mbee. Zione anaponderetsa miyendo ya kamera ndi miyala, anakonzanso fokasi, anamata selotepi kawiri. Anamanga chitenje m'chiuno mwa mayi ake ndi mfundo yolimba, mbali ina n'kumanga m'chiuno mwake. ANasibeko anakhala pansi kumbuyo kwake atatambasula miyendo, atavala magalasi akuda a pepala aja.

"Ii, lalumidwadi," anatero patapita nthawi. "Ngati bisiketi."

Zione anajambula. Pagalasi la kumbuyo kwa kamera dzuwa linaoneka lozungulira bwino, lofiirira, m'mphepete mwake muli chakuthwa, timadontho take tili apo. Anasangalala ngati mwana. Pakapita kanthawi ankasuntha kamera pang'ono kutsata dzuwa, n'kujambulanso.

Kuwala kunayamba kusintha dzuwa litadyeka kupitirira theka. Sikunali kwa madzulo. Kunali kuwala kotuwa, kopyapyala, ngati kwasungunulidwa ndi madzi. Pansi pa mtengo wa msuku umene unali m'mbali mwa thanthwe, timawanga ta dzuwa todutsa m'masamba tonse tinasanduka timiyezi tating'ono, mazanamazana, tikunjenjemera pamwala. Zione anaitana mayi ake kuti aone. Iye ankadziwa chifukwa chake, komabe anaima kukamwa kuli yasa.

Kenaka kunazizira. Njiwa zinasiya kulira. Kumunsi ng'ombe zinayamba kulowera kukhola zokha, ndipo mudzi wonse unati zii, osamveka ngakhale mwana. M'udzu nkhululu zinayamba kuimba.

Ndi pamene anamva mapazi. Udzu wouma kumbuyo kwawo unkati tswa, tswa, modekha, kuchokera kumbali ya msitu. Sanali mapazi a munthu mmodzi. Ankafika m'mphepete mwa thanthwe n'kuima, ena n'kubwera, n'kuima. Mphepo inabweretsa fungo la dothi lonyowa, chikhalirecho mvula inali itasiya kalekale. M'kati mwa fungolo munali lina limene Zione analidziwa asanaliganizire n'komwe: girisi wa njinga ndi sopo wochapira, fungo la malaya a bambo ake.

"Amayi, mulipo?"

"Ndilipo. Jambula."

Sanacheuke. Dzuwa linali litatsala ngati chikhadabo. Kumadzulo mdima unkabwera ukuthamanga pamwamba pa mapiri ngati mvula yopanda madzi. Chikhadabo chija chinaduka n'kukhala timikanda towala, timikandato tinazima kamodzikamodzi, ndipo usiku unagwa masana.

Dzanja lamanzere linachotsa fyuluta lokha, monga linazolowera. Lamanja linadina.

Zimene anaona pagalasilo anali ataziona m'mabuku, koma mabuku anali atamunamiza. Pakati panali bowo lakuda kuposa chakuda chilichonse, ndipo mozungulira munali nkhata yoyera, yofewa, yotambasuka ngati tsitsi la nkhalamba likapesedwa. M'mphepete munali timalawi tofiira ngati makala a moto. Nyenyezi imodzi inawala pambali pake. Kumapeto kwa dziko, mbali zonse, kunali kofiira ngati kukucha paliponse nthawi imodzi.

Ndiye mozungulira thanthwe lonse munamveka kuusa moyo. Kunali kwa anthu ambiri, kwapansipansi, kwautali, "Aaaa," ngati kwa anthu aludzu amene afika pachitsime. Mantha a Zione anasakanikirana ndi chisoni. M'mawu amenewo munalibe njiru. Munali kusirira kokhakokha.

Anachedwetsa shata, anadina. Anachedwetsanso, anadina. Chithunzi chilichonse chinkatulutsa nkhata yokulirapo. Chimene ankachifunitsitsa chinali chisanafike, chija cha dzuwa likamasuzumiranso n'kuwala ngati mwala wa pamphete.

M'chiuno mwake chitenje chinakoka pang'ono, kenaka chinalefuka.

Anayang'ana pansi. Nsaluyo inali gone pamwala. Mfundo ya mbali ya mayi ake sinaduke, inali itamasulidwa bwinobwino. Magalasi a pepala anali pambali pake.

ANasibeko anali atafika kale kumapeto kwa thanthwe, kumbali yotsikira kumsitu. Ankayenda mwamphamvu, msana uli chilili, ngati mtsikana. Mkono wawo wamanja unali utatambasukira kutsogolo, dzanja lili lende, monga umakhalira mkono wa munthu amene wina akumutsogolera. Kutsogolo kwawo ndi m'mbali mwawo mdima unali wothithikana kuposa kwina, wokhala ndi mapewa ndi mitu, yonse itapenya kumwamba.

M'mphepete mwa mwezi munayamba kufiira mbali imodzi. Zione ankadziwa tanthauzo lake. Fyuluta inali m'dzanja lake, kamera pamphuno pake, mayi ake patali.

Anaiponya fyulutayo pansi n'kuthamanga.

Anadutsa pakati pa kuzizira kokhala ngati kwa m'madzi, zinthu zikumukhudza m'mapewa mofewa, zikumupatsa njira. Anagwira mkono wamanzere wa mayi ake ndi manja onse awiri. Unali wofunda. Koma thupi lawo linkapitabe kutsogolo, ndipo mphamvu imene inkalikoka sinali ya mayi wokalamba woonda. Mapazi a Zione anayamba kutsetsereka pamwala.

"Ndisiye, mwanawe," anatero aNasibeko mofatsa. "Wakula iwe."

"Ayi."

"Akudikira."

Zione anayang'ana kumene kunathera mkono wamanja wa mayi ake, pamene panali mthunzi wotalikirapo pang'ono kuposa ina, wopendekera kumanzere monga ankaimira munthu wina amene ankamudziwa.

"Ababa," anatero. "Mwaliona dzuwa. Laoneka bwino, eti? Ndisiyireni amayi. Ndinalakwa kuwamanga ndi nsalu, koma pano ndawagwira. Onani, ndawagwira."

Kukokako sikunathe, koma kunaima, osapita kutsogolo, osabwerera. Ndipo pakanthawi kameneko Zione, posowa kwina koyang'ana, anakweza maso. Aka kanali koyamba kuti aone kadamsanayo ndi maso ake, popanda galasi pakati. Anali wamkulu, wamoyo, nkhata ija ikuoneka ngati ikupuma. Anaima pamenepo onse, iye, mayi ake ndi enawo, nkhope zili m'mwamba.

Dontho la moto woyera linatulukira m'mphepete mwa mwezi.

Zione anatsinzina, anakokera mutu wa mayi ake pachifuwa pake. Udzu unachita phokoso ngati mbalame zambiri zauluka nthawi imodzi, kulowera kumsitu. Kukoka kuja kunatha mwadzidzidzi, ndipo onse awiri anagwa chagada pathanthwe.

Kuwala kunabwerera kotuwa komwe kuja. Kumunsi tambala analira, wina n'kumuyankha, kenaka kunamveka nthungululu za amayi pabwalo la tchalitchi.

ANasibeko ankapuma mwawefuwefu. Patapita kanthawi ananunkhiza m'mwamba.

"Chinthu chako chikupsa."

Zione anali atamva kale. Kamera inali chiimire pamiyendo yake, lenzi ili pululu kuyang'ana dzuwa, fungo la pulasitiki wopsa likubwera ndi mphepo. Panali pafupi. Akanatha kudumpha, kuitembenuza, n'kubwerera. Anayang'ana kumsitu, kumene mithunzi ya mitengo inali ikadali yakuda kwambiri.

"Ipse," anatero.

"Si unati unaivutikira?"

"Amayi, khalani chete. Sindikusiyani mpaka dzuwa lidzaze."

Anakhala choncho mpaka timiyezi ta pansi pa msuku titabwerera kukhala timawanga wamba. Gostino anawapeza ali chigwirire, atakwera phiri chothamanga. Anayang'ana chitenje chili pansi, anayang'ana kamera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasowa nthabwala.

Kamerayo sinajambulenso. M'kati mwake munabooka. Kadi yosunga zithunzi inapulumuka, ndipo amene amapempha kuti aone zithunzizo poyembekeza kupezamo nkhope amakhumudwa. Muli dzuwa lokha, ndi nkhata yake yoyera, yooneka bwino mpaka kunsonga. Zione amanena yekha kuti mfundo ikhoza kumasulidwa ndi zala za mwini chiuno, ndiponso kuti mdima wadzidzidzi umapangitsa maso kuona zambiri. Amazinena moona mtima. Koma akafika pa za potsika phiri, nayenso amatsitsa mawu.

Ankatsika pang'onopang'ono, Gostino ali patsogolo ndi katundu. ANasibeko anaima kuti apume.

"Umakoka ngati ng'ombe, iwe," anatero. "Koma usadzitame kuti unapambana. Bambo ako mphamvu akadali nazo. Anachita kusiya okha."

"Ananena chiyani?"

"Anene chiyani? Ine ndimayesa abwera kudzanditenga. Nditawayang'ana, maso ali kumwamba, kukamwa yasa, ngati mwana woona ndege. Utalankhula iwe ndi pamene anakumbuka kuti agwira munthu." Anapukusa mutu, akuseka, misozi ikutsika. "Mwamuna ameneyu. Ndipite naye kuti, munthu woiwala chonchi?"

Zione anasinthira mbali ina kuti awathandize kutsika pamwala, n'kugwira mkono wawo wamanja. Unali wozizira ngati mtsuko wa m'mawa, kuyambira padzanja mpaka m'chigongono, pamene thupi lonse linali thukuta. Anauika pakati pa manja ake awiri n'kumaupukuta, akuyenda, akuupukuta. Anadutsa msitu wa manda, anawoloka khwawa, ndipo pamene ankalowa m'mudzi zala za mayi ake zinali zitayamba kufunda.